Anyamata Amene Adaona Dziko ndi Mapazi Awo

Msewu wa ku Mchinji, umene makolo athu ankautchula kuti msewu wa ku Fort Manning, ukatuluka mumzinda wa Lilongwe n'kudzera pa Chitedze, pa Mpingu ndi pa Msundwe kufikira pa Namitete, umapyola m'midzi imene munthu woiona ali m'galimoto angaiyese midzi ya anthu osayenda, anthu amene adabadwira pakati pa mizere ya fodya ndi mtedza nakalambira pomwepo. Woganiza chotero walakwa kwakukulu, pakuti m'midzi yomweyi, ndiponso ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, mukali akuluakulu owerengeka, ena maso adachita kale chidima, ena otsokomola usiku wonse, amene pa unyamata wawo adaoloka Zambezi, adagona m'makomboni a ku Halale ndi ku Joni, adakwera ndege pamene mphunzitsi wa m'mudzi mwawo anali asanaione ili pansi, ndipo adadziwa kupempha madzi akumwa m'zilankhulo zinayi kapena zisanu.

Masiku ano tikamva za ulendo wa kunja, mtima umathamangira ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kumene alendo odzaona dziko amatsika ndi zikwama zamateyala ndi makamera, ali pa ulendo wa kunyanja kapena kukaona njovu. Alendo oterewa sadayambe dzulo. M'chaka cha 1949 ndege zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku England kupita ku South Africa, ndipo azungu ochepa a ndalama zawo ankagona kumeneko n'kumasirira nyanja yathu. Koma m'zaka zomwezo anyamata a m'chigwa chino cha Lilongwe anali kuyenda ulendo wina, wosalembedwa m'mabuku a alendo, wopanda hotela ndi kamera. Ndipo ine ndinena mosakayika kuti iwowa ndiwo adaliona dziko koposa, popeza adaliona ali pansi, ali ndi njala, ndipo wowatanthauzira zimene anali kuona panalibe.

Chimene chinkawadzutsa pamphasa, choyamba ndi msonkho. Boma la atsamunda linkafuna ndalama pa nyumba iliyonse, ndipo mashilini 6 amene munthu ankakhoma pa chaka m'nyengo ya pakati pa nkhondo ziwiri zazikulu za dziko lonse zija anali chuma chosapezeka wamba m'mudzi mmene nkhuku ndi mbuzi zinali zambiri koma makobidi ayi. Fodya wa chikopa, amene A. F. Barron ndi mnzake Wallace adamufalitsa kuchokera pa Mbabzi kumayambiriro a zaka za m'ma 1920, adabweretsadi ndalama m'chigwa cha Lilongwe, kotero kuti anthu a kuno sadachoke mwaunyinji wofanana ndi a ku Mzimba kapena a ku Nkhata Bay. Komatu kuyambira 1926 malonda a fodyayo adagwidwa m'manja mwa Native Tobacco Board, ndipo mitengo itagwa m'zaka za m'ma 1930, mnyamata amene adakhetsa thukuta chaka chathunthu ankabwera kumsika ndi ndalama yosakwana bulangete. Panalinso chifukwa china chimene malipoti a boma sadachilembe bwino: chikamwini. Mnyamata wokwatira kumene ankakhala kwa eni, kulima munda wa apongozi pansi pa diso la mwinimbumba, wopanda mawu pabwalo. Ndipo njira yoti tsiku lina adzapemphe chitengwa, nadzatchedwe bambo wa pakhomo pake, inkadzera ku Halale. Tisaiwale chachinayi, chimene akuluakuluwo amachivomera akumwetulira: mtima wa unyamata. Mnzako wa msinkhu umodzi, amene mudavinidwa naye dambwe limodzi, akabwera atavala jekete ndi nsapato, atsikana a ku chimtali n'kumamuyang'ana iye yekha, tulo sitinkabweranso.

Pofika 1935 kuchoka kwa amuna kudafika podetsa nkhawa boma lenilenilo, ndipo komiti imene bwanamkubwa adaika, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna a ku Nyasaland okwana ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiko kunena kuti pa amuna anayi aliwonse oposa mmodzi sanali pakhomo. Njirayi inali itapondedwa kale ndi ena amene mayina awo tikuwadziwa. Hastings Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu wapansi akali mnyamata, nakagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, napitirira ku migodi ya ku South Africa, asanaoloke nyanja kupita ku America mu 1925. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adayenda njira ya kumwera yomweyo mpaka ku Cape Town, kumene mu 1919 adayambitsa ICU, bungwe la antchito akuda limene lidagwedeza dziko lonselo. Awa mbiri idawasunga chifukwa adatchuka. Zikwizikwi za anzawo, amene adamva ludzu lomwelo pa njira yomweyo, adakumbukidwa ndi alongo awo okha.

Ulendo wakale kwambiri, ndipo ndi umene umasimbidwa mokoma, ndi wa selefu, wopita wekha osalembedwa ndi kampani iliyonse. Sunali ulendo wa munthu mmodzi, pakuti kuyenda awiri si mantha. Anyamata ankasonkhana asanu, khumi kapena kuposerapo, natsata munthu amene adapitako kale, wodziwa pamene pali chitsime, mudzi wolandira alendo ndi mudzi woyenera kuulambalala. Amayi ankasinja ufa wa paulendo, nakazinga chimanga ndi mtedza; atsibweni ankapereka tambala kapena mbuzi yoti igulitsidwe; ena ankatemeredwa mphini ndi kumangiridwa chithumwa, ena ankapemphereredwa ndi mkulu wa mpingo, ndipo ambiri ankalandira zonse ziwiri. Analiponso amene ankanyamuka usiku, tambala asanalire, osatsazika munthu, poopa kuti misozi ya mayi kapena mawu a mkazi wapakati angawabweze. Katundu anali mphasa kapena chiguduli, kamphika, chikho, nkhwangwa ndi mkondo. Ena ankalowera ku Dzalanyama kapena ku Dedza n'kugwera m'dziko la Apwitikizi, kulunjika ku Tete. Ena ankatsata msewu uno mpaka ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, natsikira kumene Luangwa amathira mu Zambezi, ku Feira ndi ku Zumbo. Njanji itafika ku Salima, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, wokhala ndi ndalama ankatha kukwera sitima yodzera njira ya ku Beira mpaka ku Umtali ndi Salisbury. Koma amene anali kukafuna ndalama ndiye analibe ya tikiti.

Pa njira ya ku Tete mpamene mwana wa m'chigwa chozizira chino ankayamba kudziwa kuti dziko la Mulungu ndi lalikulu ndi losiyanasiyana. Ankatsika m'mapiri kulowa m'dziko la malambe ndi miyala yotentha, kumene dzuwa limawotcha mapazi nthawi ya m'mawa, kotero kuti ulendo unkayendedwa mbandakucha ndi madzulo, masana n'kubisala pamthunzi. Usiku ankasonkha moto waukulu ndi kulondera mosinthana chifukwa cha mikango. Masana ankaopa asipayi a Apwitikizi, amene akakugwira wopanda chikalata ankatha kukutengera ku chibalo, kukalambula msewu wopanda malipiro, kapena kukumenya m'manja ndi thabwa mpaka zikhato kutupa. Ufa ukatha ankaima pamudzi wa eni kulima ganyu masiku angapo, napitirira. Wodwala malungo ankasiyidwa m'manja mwa mfumu ya mudzi wachilendo, ndipo anzake ankapita ndi mtima wolemera, osadziwa ngati adzamuonanso. Chodabwitsa n'chakuti m'madera ambiri a njirayi ankapeza anthu olankhula Chichewa, a mafuko omwewo a Banda ndi Phiri, ovina gule yemweyo, kotero kuti malire amene azungu adalemba papepala ankaoneka chinthu chachilendo pakati pa abale.

Ndipo kenako Zambezi. Mlatho woyamba wa pa Tete udatha kumangidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Kale kunali bwato ndi pantoni. Munthu amene madzi aakulu amene adawadziwa anali Lilongwe, Namitete ndi Bua nthawi ya dzinja, ankaima pagombe kuyang'ana tsidya limene anthu ake ankaoneka ngati nyerere, nakhala pansi m'bwato atagwiritsa m'mphepete, mvuu zikufwenthera chapatali. Nkhalamba zambiri zimene zidaiwala dzina la bwana woyamba amene zidamugwirira ntchito sizidaiwale tsiku limenelo. Kutsidyako kunkatsala ulendo wa ku Mtoko, ndipo kuchokera pakhomo mpaka kuona nyali za mzinda pankapita mwezi wathunthu, mwina iwiri. Kumapeto a zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia, pofuna kuti anyamatawa asalipitirire kunka ku Joni, lidaika malole onyamula anthu mosalipiritsa, amene anthu adawatcha Ulere. Ndipo nkhondo yachiwiri itatha kudabwera bungwe lolemba antchito la Mthandizi, limene linkatumiza anthu makamaka ku mafamu. Dzinalo linali lokoma kumva, koma amene adalembedwa nalo amakumbukira ntchito yakalavula gaga pa malipiro ochepa, ndi kusowa ufulu wosankha bwana.

Ku Halale mnyamata ankalandira chitupa, chimene ankayenera kuyenda nacho kulikonse, nayamba ntchito imene yapezeka: m'mafamu a fodya, kumene luso lake la kumudzi linkamuthandiza, m'migodi ya golide, ya asbestos ku Shabani, ya malasha ku Wankie, m'nyumba za azungu monga khukhi kapena wa m'dimba, ndipo m'zaka za 1955 mpaka 1959 ambiri adakamanga nawo damu la Kariba. Eni dziko ankawatcha Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo Blantyre anali asanamuone. Chimene chimandikhudza mtima pa mbiri imeneyi ndi momwe anthu athu adanyamulira mudzi wawo kupita nawo kuchilendo. Adakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Adatsegula madambwe m'mafamu ndi m'migodi, kotero kuti gule wamkulu akuvinidwa ku Zimbabwe kufikira lero. Mpingo nawo udawatsatira: mu 1912 mbusa T. C. B. Vlok adachoka ku mishoni za Dutch Reformed za kuno kukakhala ku Salisbury kuti aziweta nkhosa zobalalikazo, ndipo pa maziko amenewo padamangidwa Sinodi ya Harare ya CCAP. Iwo adaimba nyimbo za kwawo pakati pa anthu a chinenero china, ndipo sadaleke.

Wenela inali nkhani ina. Bungweli, limene dzina lake lonse ndi Witwatersrand Native Labour Association, lidaletsedwa mu 1913 kulemba anthu a m'maiko otentha a kumpoto kuno, chifukwa ankafa ndi chibayo mochititsa mantha m'migodi ya ku Joni. Lidaloledwanso m'zaka za m'ma 1930, ndipo kuyambira m'ma 1950 lidayamba kunyamula anthu pa ndege zake. Taganizani, inu owerenga, mnyamata wa kwa Kabudula amene galimoto adakwerapo kawiri kapena katatu moyo wake wonse: lero wavulidwa malaya, wapimidwa pasikelo ndi pachifuwa, wadinda chala papepala limene sangathe kuliwerenga, ndipo mawa lake ali m'mlengalenga, kuyang'ana pansi mitsinje ndi nkhalango zimene atate ake adazidutsa mwezi wathunthu ndi mapazi otupa. Ndege zinkanyamuka ku Lilongwe ndi ku Chileka n'kukatera ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland, limene tsopano ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko sitima inkawatenga kudzera ku Mafeking mpaka ku Johannesburg. Kumeneko dzina linkasanduka nambala. Ankaphunzitsidwa Fanakalo, chilankhulo cholamulirana ntchito. Ankayesedwa m'chipinda chotentha, kukwera ndi kutsika pa sitepe maola angapo, kuti aone ngati thupi lingapirire kutentha kwa pansi. Kenako chikepe chinkawatsitsa m'mimba mwa dziko, mtunda woposa kuchoka pansi kufika pamwamba pa phiri lililonse limene adaliona kwawo.

Zimene adaona kumeneko n'zambiri, ndipo si zonse zimene amasimba pamaso pa ana. Adaona nyumba zosanjikizana, magetsi osazima usiku wonse, mapiri achikasu a dothi lotuluka mumgodi, chisanu choumitsa madzi m'beseni mwezi wa June. Adagona pa mabedi a simenti, amuna ambirimbiri m'chipinda chimodzi, pamodzi ndi Amashangani, Abasotho, Amapondo ndi Amaxhosa, ndipo Lamulungu ankaonerera magule a mitundu yonseyi pabwalo la komboni. Adaona mwala ukugwera mnzawo amene adadya naye m'mawa. Adaonanso tsankho lolembedwa pazitseko ndi pamabenchi, ndipo adazindikira kuti mzungu amene kwawo ankaoneka ngati wosakhudzika ndi munthu wotuluka thukuta ndi wamantha pansi pa mgodi monga wina aliyense. Nzeru imeneyi adabwera nayo kumudzi, pamodzi ndi anzawo amene adapita ku nkhondo ndi King's African Rifles mpaka ku Abyssinia ndi ku Burma. Ndipo pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa mu 1953, anthu a m'midzi sadasowe wowauza chimene ulamuliro wa azungu a ku Salisbury unkatanthauza, pakuti ana awo anali atalawa kale chitupa.

Tsiku lobwerera linali chikondwerero cha mudzi wonse. Gawo la malipiro a Wenela linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kuno, choncho wobwera ku Joni ankafika ndi kanthu m'thumba ndi bokosi lachitsulo pamutu pa mng'ono wake: mabulangete, jasi, nsalu za amayi ndi alongo, chipewa cha atsibweni, galamafoni kapena wailesi, mwina makina osokera a Singer, ndipo koposa zonse njinga ya Raleigh kapena Humber, imene inkapukutidwa tsiku ndi tsiku. Ochenjera adagula ng'ombe ndi ngolo, adafolera nyumba ndi malata, adatsegula kantini kapena kulipirira ana a alongo awo sukulu ku Likuni ndi ku Nambuma. Ndipo golosale zina zakale za m'misika ya kuno zidayamba ndi ndalama ya mumgodi. Ena chuma chidathera m'mowa wa masiku ochepa, nabwerera kukalembetsanso. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, adatero akale; koma pano wobwera ndi kalumoko anali mwana wa m'mudzi momwemo, amene adabweretsa mavalidwe atsopano, mawu atsopano, ndi mtima wosaopa kufunsa chifukwa.

Pali mbali ya mbiriyi imene amuna saikamba, ndipo ndiyo yolemera koposa. Mwamuna akachoka, khasu lake linkagwera mkazi. Iye ndiye ankalima, kufolera nkhokwe, kuthamanga ndi mwana wodwala usiku, ndi kuyankha amesenjala a msonkho. Kalata ikabwera ankapita nayo kwa mphunzitsi kapena katekisiti kuti amuwerengere, chinsinsi cha banja n'kudzera m'kamwa mwa munthu wina. Ikaleka kubwera ankadikira chaka, zaka ziwiri, zaka zisanu, osadziwa ngati ndi mkazi wa munthu kapena wamasiye, ndipo madandaulo ake ankatulukira pamtondo, m'nyimbo zosinjira. Ambiri mwa amuna aja sadabwerenso. Awa ndiwo matchona: ena adakwatira kumeneko, ena adachita manyazi kubwera chimanjamanja, ena adafa osadziwika, monga Amalawi amene anali m'gulu la anthu 427 ophedwa ndi kuphulika kwa mgodi wa Wankie mu June 1972. Sindifuna kuwaweruza, pakuti mwana wolowerera wa m'fanizo lija adali ndi atate olemera omudikira ndi mwana wa ng'ombe wonenepa, pamene mtchona wathu ankadziwa kuti kwawo kukumudikira anthu amene akuyembekeza kuti iye ndiye abweretse. Zidzukulu zawo zili ku Mbare, ku Highfield ndi m'mafamu akale a ku Zimbabwe, zikutchedwabe Phiri ndi Banda. Zambiri zidasowa pokhala mafamu atalandidwa kuyambira 2000, ndipo zina zidakhala zaka zopanda unzika wa dziko lililonse. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mwana wobadwira kuchilendo, amene adangomva kuti agogo ake adachokera ku Lilongwe, osadziwa mudzi kapena mfumu, angayambire pati kufunafuna kwawo?

Nyengo ya maulendowa idatha mwadzidzidzi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Koma pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, mphatso za abale zili m'mabokosi. Dr Banda adaimitsa kulemba anthu pomwepo. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu amati Theba, koma ndi anthu ochepa kusiyana ndi kale, ndipo idatsekeka mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a antchito ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Amene adatsala nacho ambiri ndi chifuwa: fumbi la mwala limene lidakhazikika m'mapapo, ndi TB imene imatsatira fumbilo. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni rand zolipira odwala matendawa, ndipo padakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yoti izipereka kwa amene adagwira ntchito m'migodi ina ya golide kuyambira mu March 1965, kapena kwa amasiye awo. Chilungamo chimene chimafika munthu ali ndi zaka 80 chachedwa kale, ndipo aliyense wokhala ndi udindo pa nkhaniyi, kuno ndi ku South Africa, ayenera kudziwa kuti chaka chilichonse chozengereza chikuchotsa mayina pa mndandanda wa amoyo.

Zidzukulu za anthu amenewa zikupitabe ku Joni, pa basi yodzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena atatu, foni ili m'manja, ndipo zikafika zimatumiza chithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo. Agogo awo alibe chithunzi cha pa Zambezi, alibe cha m'bwato, alibe cha usiku wa mikango. Zonse zili m'mutu mwawo basi. Pa Chitedze, pamene kafukufuku adayamba mu 1948, akatswiri a zaulimi akhala akufufuza ndi kusunga mbewu za dziko lino kuti mtundu wa mtedza kapena chimanga usatayike, ndipo achita bwino. Koma mbiri ya anthu ozungulira malo omwewo ikulowa m'manda Loweruka lililonse popanda woitola.

Choncho pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi a m'sukulu za ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, kwa inu abusa ndi ansembe, kwa inu mafumu, ndi kwa iwe mdzukulu amene uli ndi foni yotha kujambula mawu. Pitani kwa agogo akadali ndi mpweya, mukhale pansi mwaulemu, muwafunse chaka chimene adanyamuka, amene adapita nawo, njira imene adadzera, pamene adaolokera, mgodi kapena famu imene adagwirako, nambala yawo ya ntchito, ndi mayina a anzawo amene adatsala kumeneko. Mukatha, mufunsenso agogo aakazi zimene zinkachitika pakhomo m'zaka zimenezo, ndipo muwapatse nthawi yokwanira. Zikalata zakale za Wenela ndi Theba zimene zili pansi pa bokosi musazisonkhere moto, pakuti ndi zomwezo zimene zingathandize banja pofunsa chipukutamisozi.